ULENDO WA MASIKU ATATU M'MBALI MWA NYANJA: KUCOKERA KU DAR ES SALAAM KUFIKA KU BAGAMOYO

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, musanapite patali ndi nkhani ino, pacikani mapu a Africa pakhoma poti aliyense aone. Pezani dziko lathu la Zambia. Muona kuti lazingidwa ndi maiko anzake mbali zonse, ndipo palibe pamene likhudza nyanja yamcere. Tsono ikani cala pa Lusaka, muciyendetse cakumpoto kufika pa Kapiri Mposhi, mukhotere kumpoto cakum'mawa kudzera pa Serenje, Mpika ndi Nakonde, muoloke malire a Tanzania, ndi kupitirirabe kufikira calaco citagwera m'madzi. Pamene cagwerapo ndi pa Dar es Salaam, ndipo madziwo ndiwo Nyanja ya India.

Lero tifuna kukonza ulendo wa pamseu m'mbali mwa nyanja imeneyi. Ulendo wake ndi waufupi ndithu: kucokera ku Dar es Salaam kulowera kumpoto kufika m'tauni yakale ya Bagamoyo pali makilomita ngati 70 cabe, ndipo motoka ingathe kufikako m'maola awiri. Koma ife tiupatsa masiku atatu. Wina adzafunsa kuti, kodi masiku onsewo ngacani pa kamtunda kotere? Cifukwa cake n'cakuti mseu umenewu ndiwo mathero a njira zazitali zamiyendo zimene zinacokera m'kati mwa Africa, ndipo zina mwa izo zinayambira kwathu kuno. Munthu wongothamangapo adzaona mcenga woyera ndi mitengo ya ngole, imene ena amaicha kokonati, nadzabwerako wosadziwa kuti anaponda pamene makolo athu anatulira akatundu ao. Si sukulu iriyonse ingapeze ndalama za ulendo wotere, ndidziwa. Ngakhale ziri tero, ulendo ungakonzedwe pabolodi ndi coko, ndipo amene aukonza bwino lero ndiye adzauyenda bwino akadzakula.

Coyamba, tifike kunyanjako. Kucokera ku Lusaka kufika ku Dar es Salaam pali makilomita pafupifupi 2,000, ndipo ndi nzeru kugona panjira kawiri. Mseu umenewu uli ndi mbiri yakeyake. Pa 11 Novembala 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linadzilengeza lodzilamulira popanda cilolezo ca Britain, ndipo pasanapite nthawi mafuta amene anali kutifikira kudzera kum'mwera anaduka. Pamenepo malole anayamba kututa migolo ya petulo kucokera ku Dar es Salaam pa mseu wafumbi ndi matope, woipa kotero kuti oyendetsa anaupatsa dzina lakuti Hell Run, ndiye kuti ulendo wa kumoto. Paipi ya mafuta yofika ku Ndola inatha mu 1968, mseu unathiridwa tara, ndipo njanji ya TAZARA, yotalika makilomita 1,860 kucokera pa Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi thandizo la China kuyambira 1970 kufikira 1975. Pa malire a Nakonde ndi Tunduma adzafuna kuona mapasipoti anu. Sinthani ndalama mukhale ndi mashilingi a Tanzania, ndipo sunthani wochi yanu patsogolo ndi ola limodzi.

Caciwiri, tisankhe mwezi. Apa aphunzitsi acenjere, pakuti nyengo ya kunyanja siyenda monga yathu. Ife mu Epulo tikhala tikutsazikana ndi mvula, koma kumeneko ndiyo nthawi ya mvula yaikulu, imene imayamba mu Malichi ndi kutha mu Meyi. Mu Disembala kumatentha kwambiri, ndipo thukuta siliuma pathupi. Chuti cabwino ndi ca mu Ogasiti, pamene kuli kouma ndipo kamphepo kozizirira kamaomba kucokera kum'mwera.

Mphepo imeneyi tiisamale, cifukwa ndiyo inamanga matauni onse amene tikaone. Kuyambira Disembala kufikira Malichi imaomba kucokera kumpoto cakum'mawa, ndipo Aswahili amaicha kaskazi. Kuyambira Epulo kufikira Sepitembala imatembenuka niomba kucokera kum'mwera, ndipo imeneyo amaicha kusi. Kalekale, injini zisanabwere, amalonda a ku Arabia, Persia ndi India anazindikira kuti kaskazi angathe kukankha ngalawa zao za matanga kufika ku Africa, ndipo kusi angawabwezere kwao. Koma munthu wobwera ndi mphepo imodzi anayenera kudikira inzake miyezi ingapo. Podikirapo anagula ndi kugulitsa, anapemphera, ndipo ena anakwatira ana a eni dziko. Eni dzikowo anali anthu akuda monga ife, alimi ndi asodzi, ndipo cinenero cao ca Ciswahili ndi cibale ca Cinyanja cathu, ngakhale cinatola mau ambiri a Ciluya. Mukamva wina akuti maji, mvua, mbuzi, kuku, simudzafuna womasulira.

Cinthu cimodzi cingakusokonezeni, ndico kawerengedwe ka nthawi. Aswahili amayamba kuwerenga maola pamene dzuwa lituluka. Motero 7 koloko m'mawa iwo amati saa moja, ola loyamba. Woyendetsa basi akakuuzani kuti adzanyamuka saa mbili, musadzuke pakati pa usiku. Atanthauza 8 koloko. Ndipo ana inu, mukakumana ndi munthu wamkulu, mum'patse moni wakuti shikamoo, iye adzayankha kuti marahaba. Bvalani modzilemekeza, pakuti ambiri a kugombe ndi Asilamu, ndipo musaiwale maukonde a udzudzu.

Tsiku loyamba tiligawe pawiri. M'mawa tione doko la Dar es Salaam. Mzindawu ndi waukulu koposa yonse mu Tanzania, ngakhale likulu la dziko ndi Dodoma, koma si wakale monga ambiri aganizira. Unayambidwa m'zaka za m'ma 1860 ndi Sultan Majid wa ku Zanzibar, pafupi ndi mudzi wa asodzi wochedwa Mzizima, ndipo dzina lake m'Ciluya ndiye kuti nyumba ya mtendere. Yang'anitsitsani dokolo: polowera pake ndi popapatiza, koma m'kati ndi mwakuya ndi mwabata, moti sitima zazikulu zimaima mosatekeseka. Musungire zimenezi m'mutu, pakuti tidzazifuna tikafika ku Bagamoyo.

Masana tikwere mseu wa kumpoto wodzera pa Mwenge. Tisanafike pa Tegeta tipatukire kudzanja lamanja kumka ku Kunduchi, kumene kuli mabwinja a mzikiti ndi manda akale pakati pa mitengo. Ena mwa mandawo ali ndi zipilala zazitali, ndipo pa zipilalazo anamatapo mbale zonyezimira zocokera ku China. Taganizani: mbale youmbidwa ku China, nioloka nyanja pa ngalawa, nidzathera pa manda a munthu wa ku Africa! Tikacoka apo tipitirire kudzera pa Bunju, ndipo dzuwa lisanalowe tidzakhala titafika ku Bagamoyo.

Tsiku laciwiri tiyambire ku Kaole, makilomita 5 kum'mwera cakum'mawa kwa tauni. Mupiteko m'mamawa kusanatenthe. Kumeneko kuli mabwinja a mizikiti iwiri ndi manda oposa 20, ndipo mzikiti wakale koposa unamangidwa m'zaka za m'ma 1200. Khudzani khomalo. Si la njerwa ai, koma la miyala yomera pansi pa nyanja, imene Aswahili amaicha matumbawe. Anali kuisema, ndipo ina anali kuiocha kuti apeze njereza yomangira. Kutsogolo kwa mabwinjawo mudzaona nkhalango ya mitengo yomera m'madzi amcere, yochedwa mikoko. Pamenepo ndipo panali doko la Kaole, koma matope ndi mitengoyo zinalitseka pang'onopang'ono, ndipo malonda anasamukira ku Bagamoyo.

Tsono tilowe m'tauni mwenimweni, ndipo pano tisafulumire. Dzina lakuti Bagamoyo ambiri amati linacokera ku mau a Ciswahili akuti bwaga moyo. Kubwaga ndiko kutula kapena kuponya pansi, ndipo moyo m'Ciswahili ndiwo mtima, osati umoyo monga m'cinenero cathu. Ena amamasulira kuti ndi mau a cimwemwe a munthu wapaulendo amene wafika: khazika mtima pansi, ulendo watha. Ena amati ndi mau a kapolo amene waona nyanja, nadziwa kuti kwao sadzakuonanso: taya mtima. Mamasulidwe onse awiri ali ndi anthu ao enieni amene anaponda mcenga umenewu, ndipo tiyenera kuwadziwa onse.

Tiyambe ndi amtengatenga. M'zaka za m'ma 1800 maiko akutali anali ndi njala yaikulu ya minyanga ya njobvu. Ku India anali kusemera zibangili za akwatibwi. Ku Ulaya ndi ku America anali kupangira zipeso, makiyi a piyano ndi timipira ta masewera. Njobvu za kufupi ndi gombe zitatha, amalonda analowa m'kati mwa dziko. Njira yaikulu inacokera ku Bagamoyo, kudzera pa Mpwapwa ndi Tabora, kufika ku Ujiji pa Nyanja ya Tanganyika, mtunda wa makilomita oposa 1,000, ndipo ulendo umodzi unali kutha miyezi itatu kapena kuposa. Ng'ombe ndi abulu sizinathandize kwenikweni cifukwa ca kashembe wa m'chire, kotero katundu yense anayenda pamutu ndi paphewa pa munthu. Pomka kumtunda ananyamula mikanda, waya wamkuwa, mfuti, onga, ndi nsalu yoyera ya ku America imene anali kuicha merikani. Pobwerera ananyamula minyanga. Mtolo wa munthu mmodzi unali kulemera makilogalamu ngati 30. Aphunzitsi, onetsani ana thumba la ufa la makilogalamu 25, muwauze kuti mtolowo unali kuposa pamenepo, ndipo unanyamulidwa tsiku ndi tsiku, padzuwa ndi pamvula.

Ambiri mwa amtengatenga a njira imeneyi anali Anyamwezi a ku dera la Tabora, ndipo sanali akapolo. Anali anthu aufulu olandira malipiro, okhala ndi atsogoleri ao ndi malamulo ao a paulendo, ndipo akazi ao ena anali kuyenda nao. Kwao mnyamata amene anafika kunyanja ndi kubwerako anali kuyesedwa mwamuna weniweni. Pa nyengo ya malonda zikwi za anthu otere zinali kudzaza Bagamoyo. Nyumba imene masiku ano ichedwa Caravan Serai, momwe muli zinthu zakale zoonetsa alendo, inali cigono ca anthu apaulendo otere ndi akatundu ao.

Kodi njira imeneyi inakhudza dziko lathu? Inde. Kucokera pa Tabora nthambi ina inatsikira kum'mwera kwa Nyanja ya Tanganyika, kulowa m'dziko la Atabwa, Alungu ndi Abemba. Mu 1867 wamalonda wa ku Zanzibar, Hamed bin Muhammad, amene achuka ndi dzina lakuti Tippu Tip, anamenyana ndi mfumu Nsama ya Atabwa pakati pa nyanja za Mweru ndi Tanganyika, naigonjetsa ndi mfuti, nafunkha minyanga yambiri. Minyanga ya njobvu za kumpoto kwa Zambia inatsata njira ya ku Tabora kumka kugombe.

Nanga akapolo? Pano ndifuna kuti mumvetse bwino, pakuti alendo ambiri amabwerako ndi nkhani yosakanizika. Akapolo analiko ku Bagamoyo. Ena analima m'minda ya eni cuma, ena anaolotsedwa kumka ku Zanzibar, cisumbu cimene ciri makilomita ngati 40 kutsidya kwa madzi. Koma doko lalikulu la malonda oipawa linali Kilwa Kivinje, makilomita ngati 300 kum'mwera kwa Dar es Salaam. M'zaka za m'ma 1860 anthu pafupifupi 20,000 caka ciriconse anali kukwezedwa m'ngalawa pa Kilwa, ndipo ambiri a iwo anagwidwa m'maiko ozungulira Nyanja ya Malawi: Acewa, Amang'anja, Ayao, Abisa ndi ena. Ambiri anali kulankhula cinenero cimene mukuwerengaci. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma malondawo anapitirira mobisa zaka zina zambiri. Cotero wokuonetsani malo akakuuzani kuti nyumba yakuti inali ndende ya akapolo, mumvetsere mwaulemu, ndipo mum'funse mwaulemu momwemo kuti nyumbayo inamangidwa caka canji, ndipo anaimanga ndani. Mbiri yoona siopa kufunsidwa.

Masana a tsiku lomwelo tipite kumpoto kwa tauni, pa kanjira ka mitengo ya mango kofika ku mishoni ya Akatolika. Ansembe a gulu la Mzimu Woyera, motsogozedwa ndi Bambo Antoine Horner, anafika pano mu 1868. Anali kuombola ana a ukapolo ndi ndalama, nawaphunzitsa kuwerenga, kulima ndi kupala matabwa, nawamangira mudzi wao. Pabwalo pali mlambe waukulu umene unabzalidwa m'masiku oyambawo. Pa mishoni yomweyi panadzera ansembe oyamba a White Fathers, amene ananyamuka ku Bagamoyo mu 1878 kumka ku nyanja za m'kati. Anzao a gulu lomwelo ndiwo anadzafika ku Mambwe, kumpoto kwa dziko lathu, mu 1891.

Koma cimene tadzera makamaka ndi nsanja yoyera yoima payokha, yotsala ya chalichi coyamba ca mu 1872. Mu Febuluwale 1874 gulu la anthu otopa ndi oonda linafika pakhomo pa chalichi cimeneci litasenza mtolo wautali. Mu mtolomo munali mtembo wa David Livingstone, ndipo anthuwo anacokera nao ku Zambia.

Nkhani ya Livingstone muidziwa kale, koma ya anthu amene anamunyamula siikambidwa kawirikawiri. Livingstone anamwalira pa 1 Meyi 1873 m'mudzi wa mfumu Chitambo, kum'mwera kwa madambo a Bangweulu. Anchito ake anatsala okha, kutali ndi kwao, popanda wowalamulira. Akadafuna, akadamuika m'manda pomwepo, nagawana nsalu ndi mfuti, aliyense n'kulowera kwake. Koma anakhala pansi napangana, nasankha atsogoleri. Mmodzi anali Abdullah Susi, wa ku Shupanga pa mtsinje wa Zambezi. Wina anali James Chuma, Myao amene anamasulidwa m'manja mwa ogula anthu mu 1861 akali kamnyamata. Panalinso Jacob Wainwright, amene naye anaomboledwa ku ukapolo ali mwana, naphunzira sukulu ku India, ndipo anali wodziwa kulemba Cingerezi. Iwo anacotsa mtima ndi zam'kati, nazikwirira patsinde pa mtengo wa mpundu. Wainwright anawerenga mapemphero, nalemba dzina la womwalirayo pa mtengowo. Mtembo anauthira mcere, nauyanika padzuwa masabata awiri, naukulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo, naumangirira kumtengo wonyamulira. Mabuku ndi mapepala onse a Livingstone anawasunga bwino m'mabokosi.

Inu mudziwa mwambo wathu, kuti kudutsa ndi maliro a mlendo m'mudzi wa eni si cinthu capafupi. Anthu awa anadutsa nao m'midzi yosawerengeka. Atangonyamuka, ambiri anadwala, nagona panjira pafupifupi mwezi wathunthu. Anaoloka Luapula, nazungulira Bangweulu, nadzera kum'mwera kwa Nyanja ya Tanganyika, ndipo pena anacita kumenya nkhondo kuti apite. Atafika ku Tabora anakumana ndi Mngerezi wina, Verney Lovett Cameron, amene anatumidwa kudzafuna Livingstone. Iye anawalangiza kuti aike mtembowo pomwepo. Iwo anakana. Patsogolo pake, anthu a dera lina atakaniza maliro kudutsa m'dziko lao, Susi ndi Chuma anacita ngati abweza mtembo ku Tabora, koma mobisa anaumanganso kuti uoneke ngati mtolo wa nsalu, napitirira nao. Ulendo wonse unatha miyezi 9, mtunda woposa makilomita 1,500, ndipo ena a iwo anafera panjira. M'gululo munalinso akazi, monga Halima, amene anali wophikira Livingstone.

Ansembe anagoneka mtembowo m'chalichi usiku umodzi, ndipo m'mawa sitima ya nkhondo ya Angerezi inautenga kumka ku Zanzibar. Pa 18 Epulo 1874 unaikidwa mu Westminster Abbey ku London, pakati pa mafumu ndi anthu omveka. Nanga onyamula aja? Analandira malipiro ao a masiku onse, nauzidwa kuti nchito yatha. Mwa onsewo Wainwright yekha ndiye anafika pamaliro. Susi ndi Chuma anaitanidwa ku Britain mwambo utapita kale, ndipo kumeneko anathandiza kulongosola za masiku otsiriza a Livingstone pokonza mabuku ake. Nsanja ija anthu amaicha nsanja ya Livingstone. Ine ndiyesa kuti ikadayenera kuchedwanso ndi maina a iwo amene anafika pamenepo ndi miyendo yao. Mukaimapo, mwana mmodzi achule mainawo mokweza anzake amve.

Tsiku lacitatu tiyende m'mbali mwa madzi, tione nyumba za Ajeremani. Mu 1888 kampani ya ku Germany inalandira kwa Sultan wa ku Zanzibar mphamvu yokhometsa msonkho pa gombe lonseli. Anthu ake anafika mwamwano, natsitsa mbendera ya Sultan, nanyoza miyambo ya eni dziko, ndipo caka comweco gombe linawaukira. Atsogoleri omveka anali Abushiri bin Salim wa ku Pangani ndi Bwana Heri wa ku Saadani. Nkhondo inafika m'Bagamoyo momwe, ndipo nyumba zambiri zinapsa. Boma la Germany linatumiza Hermann von Wissmann ndi asilikali olembedwa ku Sudan ndi ku Mozambique, ndipo Abushiri anagwidwa napacikidwa ku Pangani mu Disembala 1889. Mudzaona linga lakale, manda a asilikali a Ajeremani pafupi ndi nyanja, nyumba ya msonkho ya mu 1895, ndi boma lalikulu la nsanja ziwiri limene linatha mu 1897.

Poona kukula kwa nyumba zimenezi mungayese kuti tauniyi inali kumka patsogolo, koma mbiri yake inali itayamba kale kutsika. Pitani kugombe pamene madzi aphwa, muone cifukwa cake. Nyanja yamcere siikhala malo amodzi monga Kariba kapena Bangweulu; kawiri pa tsiku imadzala, ndipo kawiri imabwerera m'mbuyo. Pa Bagamoyo imabwerera kutali, nisiya ngalawa zitagona cammbali pamcenga. Kwa ngalawa za matanga zimenezo sizibvuta, pakuti amatsitsa katundu pouma ndi kudikira madzi. Koma sitima zazikulu za nthunzi zinayenera kuima kutali m'nyanja. Mukumbukira doko lakuya lija tinaona tsiku loyamba? Mu 1891 Ajeremani anasamutsira likulu lao ku Dar es Salaam. Mu 1905 anayamba njanji kucokera komweko, ndipo mu 1914 inafika ku Kigoma, pafupi ndi Ujiji. Ulendo wa miyezi itatu unasanduka wa masiku owerengeka, amtengatenga anasowa nchito, ndipo Bagamoyo inatsala tauni yacete ya asodzi ndi opanga mcere. Kutsalira kumeneko ndiko kunapulumutsa nyumba zake zakale ndi zitseko zake zosemedwa mwaluso, pakuti panalibe wofuna kuzigumula kuti amangepo zatsopano; koma mphepo yamcere ndi mvula zikuzidya, ndipo zina zagwa kale.

Nyumba imodzi ana a sukulu asaiphonye. Ndi sukulu yosanjikiza katatu imene inamangidwa mu 1896 ndi Sewa Haji, wamalonda wa Cimwenye amene analemera pogulitsa katundu kwa aulendo ndi kuwapezera amtengatenga. Anaipereka ku boma ndi pangano lakuti muziphunzira ana a mitundu yonse, akuda, Amwenye ndi Aluya, pa nthawi imene atsamunda anali kulekanitsa anthu poyang'ana khungu. Kum'mwera kwa tauni kulinso sukulu ya zaluso imene inatsegulidwa mu 1981, kumene acinyamata amaphunzira nyimbo, magule ndi masewero. Mukamva ng'oma madzulo, zicokera kumeneko. Nthawi yotsala muithere pa msika wa nsomba, pamene ngalawa zibwera kunyanja, ndipo muone amisiri akukhoma ngalawa zatsopano ndi nsompho ndi misomali, popanda pepala lojambulapo.

Ena adzafuna kupitirira kumpoto kukaona Pangani, kumene Abushiri anafera, ndi kumene mbeu ya khonje inabzalidwa koyamba m'dzikolo mu 1893. Malowo ndi okongola, ali pa mathiriro a mtsinje, koma mseu wodalirika umayamba walowa kumtunda kudzera pa Msata ndi Segera kufika ku Tanga, mtunda woposa makilomita 250. Ngati mulibe masiku ena awiri oonjezera, Pangani mumusiyire ulendo wina. Kuli bwino kubwerako mutadziwa tauni imodzi kusiyana ndi kuona atatu pawindo la basi.

Pobwerera kwathu simufunika kulowanso mu Dar es Salaam; pali mseu wotulukira pa Msata ndi Chalinze, umene udzakubwezerani pa mseu waukulu wa ku Morogoro, Iringa ndi Mbeya. Mukaoloka pa Nakonde bwezani wochi yanu ndi ola lija. Ndipo ngati mafuta ndi nthawi zilola, musanafike pa Serenje mupatukire kumpoto pa mseu wa ku Samfya, mufunse njira ya ku cikumbutso ca Livingstone m'dziko la mfumu Chitambo. Mtengo wa mpundu uja simudzaupeza. Unayamba kuola, ndipo mu 1899 unadulidwa. Cigawo cimene Wainwright analembapo cinatumizidwa ku London, ku bungwe la Royal Geographical Society. Pamalo pake pali cipilala ca njerwa cimene cinamangidwa mu 1902. Aphunzitsi, lembani makilomita amene motoka idzaonetsa pocoka pa nsanja ya ku Bagamoyo, mulembenso amene idzaonetsa pofika pa cipilalaco, ndipo ana acotsere okha.